Mbira yamawanga ya m'khitchini mwathu

Kwathu, kumapiri a kufupi ndi Tsangano, mbira tinkaweta m'khitchini. Zinkabisala kuseri kwa nkhuni, pafupi ndi mafuwa, chifukwa kwathu kumazizira ndipo tizinyamati timakonda pofunda. Ntchito yozithyolera chisoso ndi kholowa inali yanga. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati khumi, nkhondo ya azungu itangotha kumene, abambo ali kumigodi ku Joni.

Mbira yathu yaikulu, yakuda bii, inaswa ana atatu m'nyengo yokumba kachewere. M'mawa mwake kunabwera azakhali, mlongo wawo wa abambo, amene anakwatiwa kutsidya kwa dambo. Anadzera mbewu ya kachewere, koma atasuzumira m'khitchini anasintha nkhani.

"Alamu, kwanga mphaka wamaliza zazikazi zonse. Ndipatseniko yakudayo ndikayambirenso."

"Komatu yangoswa dzulo," anatero amayi.

"Ana a mbira amabadwa ndi mano. Azidya okha."

Amayi anangowalola. Tinkakhala pamudzi pa abambo, ndipo eni ake kulibe, mawu a azakhali ankalemera. Ndinaona ndi maso anga akuika mayiyo m'dengu pamodzi ndi mwana mmodzi, n'kuvindikira ndi nsalu. Awiri otsalawo, kofiira ndi kamawanga, anayamba kuzungulira m'mbali mwa chipupa akulira kamawu kakang'ono kosalekeza. Ankafika pamene pankagona mayi wawo, kununkhiza, n'kuyambanso kuthamanga. Ine ndinalephera kukhala pansi. Ndinkatuluka, ndikafika pankhokwe n'kubwerera, ngati ndaiwala kanthu.

Ndinapempha mkaka pang'ono kukhola la ng'ombe la abambo aakulu, n'kumawadonthezera m'kamwa ndi kaphesi ka udzu. Kofiira kanakana, ndipo pasanathe masiku ambiri ndinakapeza katafa pafupi ndi mtondo. Kamawanga kanalimba. Kanayamba kutafuna masamba, kanakula, ubweya n'kusalala bwino. Amayi anati, "Waona? Azakhali ako sananame."

Koma ine amene ndinkazidyetsa ndinkaona zina. Tinali ndi mbira zinanso zingapo. Zikangomva phokoso la masamba zinkatuluka zikuimba mluzu, n'kuunjikana pamapazi panga. Yamawanga inkauma pamalo amodzi, maso ali tong'o, kenaka n'kuphulika liwiro mpaka kudzigunda kumtondo. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo zonse zinkabisala, koma zinzake sizinkachedwa kutulukanso. Iyo inkakhala kuseri kwa nkhuni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osadya. Sinkagona mounjikana ndi zinzake. Inayambanso kudzizula ubweya pamwendo mpaka kuoneka khungu.

Nkhaniyi inandilowa m'mutu. Kusukulu ya mishoni aphunzitsi akulemba pabolodi, ine maganizo ali kukhitchini. Kumunda ndinkasiya khasu pakati pa mzere n'kuthamangira kunyumba kukaona ngati yadya. Amayi anandikalipira: "Iwe, ukufuna kudwala chifukwa cha mbira?"

Tsiku lina anandituma kwa azakhali kukapereka mchere. Ndisanapereke n'komwe moni wokwanira ndinalowa m'khitchini mwawo. Yakuda ija inalipo, ndipo pambali pake panali mwana uja anapita naye, m'bale wake wa yamawanga. Mwanayo tsopano anali mbira yonenepa, yofatsa. Ndinatambasula dzanja, iyo n'kubwera kudzanunkhiza, n'kulanda tsamba m'zala zanga. Ndinaomba m'manja dala. Inadzidzimuka pang'ono, n'kupitiriza kutafuna.

"Azakhali, bwanji yanuyi siopa? Yathu ija imanjenjemera tsiku lonse."

"Mbira ndi mbira, mwanawe. Mwaiononga nokha poigwiragwira."

Ndinabwerera ndikuponda mwamphamvu, mtima uli m'mwamba. Amayi ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde.

"Amayi, kodi mbira imakumbukira?"

Sanandiseke. Anapitiriza kusenda kwa kanthawi, kenaka anati, "Kamutu kake n'kochepa, sindikhulupirira kuti imadziwa chimene chinachitika. Koma mbiya ukaibonyola dongo likadali laliwisi, imauma chomwecho." Anandipatsa lichero kuti ndipete.

Mvula itayandikira, yamawanga inatenga bere. Ndinkaganiza kuti ikaona ana ake mtima udzatsika. Inaswa awiri m'mawa wina amayi akusonkha moto. Sinawanyambite monga zimachitira zinzake. Tiana tikayandikira kufuna kuyamwa, iyo inkalumpha ngati yaponda khala, n'kuthawira kungodya ina, nthawi zina n'kutiponda. Ndinaigwira, n'kuigoneka pamiyendo panga, amayi n'kumayandikizitsa tianato kumawere. Mtima wake unkagunda m'manja mwanga mothamanga kwambiri moti ndinkaopa kuti ifera pomwepo. Inandiluma chala. Tinayesanso madzulo, tinayesanso mawa lake, koma ndikangoisiya inkathawa. Kamodzi kanafa.

Amayi anayang'ana kotsalako, n'kunena kuti, "Ndamva kuti yakuda ija yaswanso. Thamanga nako kwa azakhali ako."

Ndinakakulunga pachifuwa, m'kati mwa nsalu, n'kuyamba liwiro. Dambo linali litayamba kulowa madzi, matope mpaka m'akakolo. Ndinkaima pafupipafupi kusuzumira ngati kakupumabe, n'kuthamanganso. Azakhali atandiona ndili wefuwefu, matope thupi lonse, anaganiza kuti kwagwa zovuta. Nditamasula nsalu anaseka mpaka kugwira chipupa.

"Mtunda wonsewu chifukwa cha kameneka?"

Komabe anandilola kulowa. Ndinakaika pansi pafupi ndi yakuda, imene inali ikuyamwitsa ake. Inakanunkhiza kumutu, kumsana, n'kuyamba kukanyambita. Kanakwawira kunsi kwa mimba yake, kudzipanikiza pakati pa anzake. Ndinawafotokozera azakhali zimene mayi wake ankachita. Anasiya kuseka. Anafukula kachewere wootcha paphulusa, n'kundipatsa.

"Kasiye kuno mpaka kaleke kuyamwa kokha," anatero. "Usafulumire kudzakatenga."

Sindinafulumire. Pamene ndinkapita kukakatenga, chimanga chinali chitafika m'mawondo. Kanali kofatsa, ndipo kunyumba kanazolowera kukhala paphazi pa amayi akamaphika. Ndinakaika pafupi ndi mayi wake kuti ndione. Sanazindikirane. Yamawanga inangothawira kuseri kwa nkhuni monga mwa masiku onse.

Pasanapite nthawi kunagwa mvula ya mabingu masana, ife tili kumunda. Mphepo inatsegula chitseko cha khitchini. Titafika, mbira zonse zinali zitaunjikana pangodya, koma yamawanga panalibe. Timapazi take tinkaoneka pamatope, kulowera kumunda wa kachewere kuseri kwa nyumba, n'kuthera m'madzi a mu mzere. Ndinafunafuna mpaka zovala kumata thupi, ndikutukula masamba phando ndi phando. Amayi anabwera kudzandikoka padzanja.

"Yapita, mwanangu. Kabawi kapena galu wathana nayo."

Mwina zinalidi choncho. Koma nyengo yonseyo, popalira ndi pokumba pomwe, tsamba likangogwedera ndinkaponya khasu n'kugwada kusuzumira, mpaka amayi anasiya kundifunsa chimene ndinkafuna.