Anzanu a ku yunivesite akundilanda inu

Bambo a Tadala, foni yanu ija yakhala ikulira chiyambire m'mawa. Gulu la anzanu omwe munaphunzira nawo ku yunivesite lakumbukira kuti lero patha chaka chitisiyireni. Akutumizirana zithunzi zanu muli mnyamata woonda, zomwe ine mkazi wanu sindinazionepo. Zandikumbutsa tsiku lija yunivesite inakutumani ndi anzanuwo kukalimbikitsa ana a sekondale kwa Kamwendo, inu n'kunditenga pa njinga yamoto. Titangofika, mayi wina wamagalasi anakuwa kuti, "Kachitsa, wanenepa bwanji!" Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo. Munaseka mpaka kugwira mawondo, kuseka komwe kwathu ku Mkanda simunasekepo. Tsiku lonse ndinangokhala pa benchi mukukamba za ku hositelo. Pobwerera munaona kuti ndakhumudwa. Munaimika njinga n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, awo anandidziwa ndili chitsiru. Inu munandipeza nditakhwima."

Ndinaseka, koma nsanje sinathe mpaka lero. Loweruka anzanuwo akubwera kudzatenga Tadala kuti akadzale nawo mtengo wokukumbukirani ku yunivesiteko, ndipo akuti azimulangiza za maphunziro mpaka adzalowe komweko. Mwana wasita kale malaya, sakukambanso zina. Ndamulola chifukwa ndi anthu abwino, koma mtima ukuwawa. Unyamata wanu anadya okha, tsopano akufunanso mwana. Ndamuuza kuti akamvetsere zonse, adzandifotokozere osasiyako kanthu. Usani mumtendere, mwamuna wanga. Wanga, osati wawo.