Khadi ya agogo ndi nsalu za m'wadi ya ana

Ndikamva nkhwazi ikulira pa wailesi nkhani zisanayambe, mtima umabwerera ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri momwe agogo aNaphiri anandilerera makolo anga atamwalira. Kuliraku kukangomveka, agogo ankakhazika nsimbi pa njerwa n'kukweza chala kuti ndikhale chete, ngakhale ine sindinali mwana woyankhulayankhula. M'nyumba munkatsala fungo la makala ndi la nsalu yotentha, ndi mawu a wowerenga nkhani akunena kuti zokambirana za boma ndi yuniyoni zaimanso.

Agogo ankachapa ndi kusita pa chipatala china cha boma. Zaka zambiri anagwira ngati wa tsiku, waganyu wosalembedwa ntchito yokhazikika, ndipo zaka zotere sizinkawerengedwa pa penshoni. Yuniyoni inkalimbana kuti ziwerengedwe. Agogo anali atatsala chaka chimodzi kuti apume. Zikanakanika, ine ndikanasiya sukulu ya mu Lusaka, tikanakwera basi ya kumudzi ku Katete kukagwira khasu.

Mkulu wa yuniyoni pachipatalapo anali ba Mulenga a nyumba yoyandikana nafe, Mubemba wa mawu aakulu yemwe anakulira ku migodi. Iwo ndi agogo anali pa chimbuya, chibale chonyozana cha Abemba ndi ife a kum'mawa. M'mawa uliwonse ankasuzumira pampanda.

"Shani ba mbuya, mbewa za dzulo zenze bwanji?"

"Zinakoma kuposa anyani anu," agogo ankayankha osacheuka, mapegi ali pakamwa.

Mwezi wa mphepo utafika, yuniyoni inalamula sitalaka. Aliyense ankayenera kufika kuntchito, kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kochapira, osakhudza ngakhale sopo. Wophwanya lamuloli ankalandidwa khadi ya yuniyoni, ndipo dzina lake silikanalowa pa mndandanda wa a tsiku wopita ku boma. Agogo ankapita tsiku lililonse, kuyala chitenje pa fumbi, n'kumatsogolera nyimbo za ku tchalitchi.

Lachisanu anabwera atasenza mtolo waukulu. Atamasula, m'nyumba munadzaza fungo la mkodzo ndi mankhwala. Zinali nsalu za pabedi za m'wadi ya ana. Nesi wina anali atawanong'oneza kuti ana akugona pa pulasitiki ya matiresi, yozizira ngati mwala. Agogo ankadziwa kumva mafunso anga osafunsidwa.

"Sitalaka ndachita kuchipatala," anatero. "Kuno n'kwanga."

Loweruka kutacha tinachapa pampope mpaka zala kuyera, n'kuyanika kuseri kwa nyumba komwe anthu a mumsewu sakanaona. Tinaiwala mphepo. Inanyamula nsaluzo kupitirira mpanda, n'kuzitambasula ngati mbendera, chidindo chabuluu cha chipatala chili poyera.

Tsiku limenelo ba Mulenga sanasuzumire pampanda. Analowera pageti, atavala jekete.

"Ba mbuya, ivi n'vichani?"

"Nsalu. Kwanu ku Kasama kulibe?"

"Osaseka. Bantu bankala pa zuba sabata yonse, imwe muchapa. Nipaseni khadi."

Agogo anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba, n'kutulutsa khadi yomwe inkakhala m'kati mwa Baibulo. Anaipereka ndi manja awiri.

"Mukawauze akomiti anuwo kuti mwana wa malungo sadziwa sitalaka."

Ba Mulenga anaiponya m'thumba la jekete n'kutuluka. Masana onse agogo anasita, akuuzira makala a m'nsimbi mpaka maso kufiira. Nkhwazi italira sanakweze chala, anangozimitsa wailesi. Kenako anatsitsa sutikesi yakale pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi, n'kuyesa ngati loko yake ikugwirabe. Pamenepo ndinadziwa kuti Katete wayandikira. Lolemba anasenza nsalu zopinda bwino, anazisiya pakhomo la wadi, n'kupita kukakhala pansi pa mango paja, anzawo ena atawafulatira.

Patapita masabata angapo, wailesi inalengeza kuti mbali ziwiri zagwirizana. Mndandanda unakhomedwa pachitseko cha kochapira, ndipo dzina la agogo linalipo. Iwo sanafunse kuti zatheka bwanji, ba Mulenga nawo sananene. M'mawa mwake mbewa ndi anyani zinayambiranso pampanda, sutikesi inakweranso pa kabati. Koma khadi sinabwerere m'Baibulo.

Lero ndine mphunzitsi ku Chelstone, ndili ndi khadi yangayanga, ndipo nkhani za penshoni zikayamba ndimapezeka ndakweza chala ana anga asanatsegule pakamwa. Agogo atamwalira, ba Mulenga anachokera ku Kasama komwe anakapumira, akuyenda ndi ndodo. Anatipaka ufa kumaso monga amachitira a chimbuya pamaliro, akunena kuti nkhalambayi yathawa dala kuti isawaphikire.

Titaika maliro ndinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Pakati pa anyamata oitanira mabasi ndi utsi wa dizilo, anaima, anasegula batani la jekete.

"Ba komiti n'nabauza ati zija nsalu zenze za ku chechi."

"Ndi chidindo cha chipatala? Anakhulupirira?"

"Palibe anakhulupilila. Manje bonse benze na bana."

Anatulutsa kanthu kokulunga m'pepala la shuga. Inali khadi ija, yachikasu ndi ukalamba, chithunzi cha agogo chikundiyang'ana ali ndi duku la kuntchito.

"Nenze nifuna kubabwezela, koma sembe baniseka mpaka kumanda. Tenga, iwe wakudya mbewa."

Anaiika m'dzanja langa, anapinda zala zanga pamwamba pake, n'kukwera basi osacheuka.