Tsiku Limene Ndinasewera Ntchito ya Bambo

Ndikukumbukira kireshi yathu, sukulu ya tiana ya mu holo ya tchalitchi kuno ku Mutare, mbendera yatsopano ya ufulu wa dziko lathu isanayambe kusuluka, ine ndili ndi zaka zisanu. Mphunzitsi wathu, Mai Tendai, ankasankha mutu umodzi sabata iliyonse, ndipo nyimbo, zoumba ndi masewera zonse zinkatsata mutuwo. Sabata ya mvula tinkafunda matumba a feteleza. Ya sitima tinkakwera makatoni, wina kutsogolo akulira ngati injini.

Kenako inafika sabata ya ntchito za makolo. Lachisanu aliyense anayenera kusewera zimene bambo ake amachita. Mwana wa dalaivala wa malole a kumalire ku Forbes anazunguliza chivundikiro cha poto ngati chiwongolero. Wa kalipentala anakhoma benchi ndi nsapato.

Bambo anga anali khukhi kwa azungu ku Murambi, ndipo Loweruka ankanditenga kuti ndizikakhala pakhomo la khitchini. Ntchito yawo ndinkaidziwa ine. Ndinavula kachipewa, n'kukafinya m'manja, n'kuweramitsa mutu. "Yesi madamu. Sore madamu." Kenako ndinasanduka dona, manja m'chiuno, kukalipa ndi kamawu ka m'mphuno. Anzanga anaseka mpaka kugubuduka, ine mtima uli mbee, n'kubwerezanso kachiwiri.

Mai Tendai okha sanaseke. Ankayang'ana pawindo, pomwe panaima bambo ndi njinga yawo. Tsikulo anali atabwera msanga kudzanditenga.

Bambo anandikweza pa njinga, n'kuyamba kupalasa. Titayandikira kunyumba anati, "Umatha kutsanzira, mwana wanga. Koma buledi amene ndimaphika uja sunamuone?"

Ndinali ndisanamuone, zoona. Fungo lake ndinkalimva, koma maso anga ankathamangira kumene kunali phokoso.

Sanandimenye, sanandikalipire. Anangosiya kunditenga ku Murambi, mpaka anapuma ntchito. Bola akanandikwapula, zikanathera pomwepo. Mukhoza kunena kuti ndinali mwana, ndipo n'zoona, koma manyazi ake amandigwirabe mpaka lero.

Tsopano nanenso ndimaphunzitsa tiana. Ndinazindikira kuti mwana amasewera zimene waona, osati zimene ife tikanafuna kuti aone. Choncho ndikamakonza sabata ya ntchito za makolo, ndimayamba ndafunsa kholo lililonse chimene manja ake amachitha bwino, ndipo mwana amasewera chimenecho. Bambo anamwalira ndisanawaonepo akukanda ufa.