Khadi la Goloboyi

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Mwa makhadi onse a osewera mpira amene mwana wanga wamkazi amasunga m'chitini cha mabisiketi, limodzi lili ndi siginecha yabodza. Ndinasaina ndine.

Timu yake si ya pa TV ayi. Ndi katimu ka konkuno ku Oldbury, ka mu ligi yapansi kwenikweni, kamene osewera ake mkati mwa sabata amayendetsa mavani, ena amakonza mapaipi. Pageti pamakhala mayi wina wachikulire wogulitsa tiyi ndi timakhadi tokhala ndi nkhope za osewera. Loweruka limene ndilibe shifiti ku care home, kumene ndimasamalira okalamba, timapita awiriwiri. Mpira ukatha ana amathamangira kumpanda ndi zolembera, osewera n'kumasaina matope ali m'mawondo. Ine ndimaima chapatali nditanyamula majekete, ndipo kunena zoona ndimasangalala.

Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amati adzakhala goloboyi. Makhadi ake onse anali osainidwa kupatula la goloboyi wa timuyo, poti iye mpira ukangotha amathamangira kosamba. Ndiye tsiku la gemu yomaliza ya sizoni, mwana anadwala katsabola. Anandipatsira khadilo ali pabedi, n'kundilangiza m'Chingelezi chake chothamanga chija: "Mum, mukamuitane mokweza. Osati timawu tanu ta kutchalitchi tija."

Ndinapitadi. Goloboyi anadutsa pafupi, apa ndi apo, malaya atakoleka paphewa. Koma sindinamuitane. Ine ndinaleredwa kuti mayi wapabanja sakuwira mwamuna wachilendo pagulu, ndipo satifiketi yanga ya ku koleji sinafufute zimenezo. Ndinangomuperekeza ndi maso mpaka analowa. M'basi ndinaika khadi pabondo, n'kukhwatcha ndi dzanja lamanzere.

Mwana analipsompsona, n'kugona nalo. Tchuthi chonse cha mpira, akangotsegula chitini chija ndinkaopa kuti azindikira. Mwana ameneyu amakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa panga. Akanadziwa, akanandikhulupiriranso?

Sizoni itayamba anatenga chitini chonse kubwalo. Tsikulo goloboyi anagwira penate, ndipo mwina chifukwa cha chimwemwe sanathawe, anabwera kumpanda. Ndisanamugwire mkono, mwana anali atatulutsa kale khadi lija.

"Zikomo posaina nthawi imene ndinkadwala," anatero. "Mum wanga ndi amene anabweretsa."

Mnyamatayo analiyang'ana khadilo kwa kanthawi, kenako anayang'ana ine. Ndinaweramitsa mutu.

"Ndinasaina ine ichi?" anafunsa. "Ndiye kuti ndinali ndisanavule magolovesi. Taona kunyansa kwake! Bweretsa cholembera ndikonze."

Anasaina pansi pake, bwinobwino, n'kujambulapo kampira. Pochoka anandiuza chapansipansi kuti, "Ulendo wina mudzangokuwa, mayi. Sindiluma."

Chiyambire pamenepo ndimakuwadi. Sabata yatha ndinaitana ndekha mnyamata watsopano wosewera kumbuyo, mpaka mwana anandikoka jekete, amvekere, "Mum, mukundichititsa manyazi!" Tinaseka njira yonse mpaka pa siteji ya basi.

Koma khadi lija amaliika pamwamba pa onse. Amauza anzake a kusukulu kuti ndi lokhalo padziko lonse limene goloboyi anasaina kawiri. Ndimamva ndili kukhitchini, ndimangokhala chete. Tsiku lina ndinayamba, ndinati, "Mwanawe, khadi lijatu..." Anatembenuka maso ali mbee, ine n'kumaliza kuti, "usamaligwire ndi manja a mafuta."

Ndinanama kamodzi, munthu wachilendo anandibisira, ndipo mwana ndi wokondwa. Inu amene muli ndi ana, ndinachita bwino kukhala chete? Kapena ndimuuze panopa, asanadzazindikire yekha kuti zilembo zopendama zija n'zofanana ndi za amayi ake?