Inki ya a Mustapha

Naima anakulira m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi Senga Bay, m'banja loyanika usipa. Sukulu analekezera fomu 2 mayi ake atayamba kudwaladwala. Atakwatiwa ndi a Mustapha anasiya za pathandala loyanikira nsomba n'kumakhala m'kashopu ka amuna akewo, pamsewu wopita kudoko, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa maukonde. Munali kompyuta imodzi ndi printa. Asodzi ankabwera kudzajambulitsa zithunzi za pachiphaso, aphunzitsi kudzasindikiza mayeso, ena makadi a ukwati. Poyamba Naima ankangodula mapepala ndi kulandira anthu, koma pang'onopang'ono anaphunzira kusindikiza yekha.

A Mustapha anali munthu wodera nkhawa za mawa. Mitengo ya zinthu itayamba kukwera mosalekeza, anagulitsa njinga yawo yamoto n'kupita ku Lilongwe. Anabwerako ndi katoni yodzadza ndi makatiriji, timabokosi ta inki tolowetsa mu printa. Anawasanja m'sutikesi yachitsulo n'kuikweza pamwamba pa kabati m'shopumo, pansi penipeni pa malata.

"Amake Asiya, tsopano mtima wanga wakhala pansi," anatero. "Ngakhale zinthu zikwere bwanji, ife tizingogwira ntchito."

Mwezi usanathe a Mustapha anagwa akukonzekera swala, pemphero la masana. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera. Naima anakhoma shopu n'kuyamba kuwadwazika, poyamba kuchipatala, kenaka kunyumba. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, zonse zinali zake. M'mamawa ankathamangira kunyanja kukathandiza kuyanika nsomba za ena kuti ana apeze chakudya.

Chaka choyambacho wina wa shopu ya ku boma anabwera kufuna kugula inki yonse ija. Naima anakondwa, koma atawauza a Mustapha, iwo anapukusa mutu mwamphamvu. "Ayi," anatero. Mawu amenewa anali amodzi mwa ochepa amene ankawatha. Ankakhulupirira kuti adzachira n'kubwerera pampando wawo, ndipo Naima analibe mtima wowatsutsa.

Zinapita zaka zitatu. A Mustapha anayamba kukhala pakhonde okha, koma kuyenda ayi. Kenaka mchemwali wawo, Zuleka, anabwera kuchokera kwa Maganga atakangana ndi mwamuna wake, n'kukhala nawo. Popeza tsopano panali wotsala ndi wodwala, Naima anakatsegula shopu. Anasesa zitosi za mileme, anapukuta printa, anatsitsa sutikesi. Makatiriji onse anali chimatire m'mapulasitiki awo, ooneka ngati ogula dzulo.

Woyamba kubwera anali mayi Rosemary, mphunzitsi amene ankasindikiza mayeso kumeneko kale. Mwana wawo anali kukwatiwa ndipo ankafuna makadi okhala ndi chithunzi cha akwati.

"Ndadutsa a ku boma dala," anatero. "Ndati ndibwere kwa inu, muyambirepo."

Naima anachotsa makatiriji akale, amene anali ouma gwa, n'kuika atsopano. Pepala loyamba linatuluka ndi mizere yoyera yodula nkhope za akwati. Lachiwiri, nkhope zinali zobiriwira. Anatsegula katiriji ina, kenaka ina. Diresi loyera la mkwatibwi linkatuluka ngati lagwera m'matope. Pofika madzulo pansi panali mapepala okhaokha, manja ake ali bii.

M'mawa mwake anakulunga printa m'chitenje, anatenga makatiriji angapo n'kukwera minibasi kupita ku boma, kwa Mayankho, wokonza makompyuta. Iye anatsuka printayo, anayesa, kenaka anatembenuza kabokosi kamodzi n'kumuonetsa deti lolembedwa kumbali.

"Mayi, inki imaguga ngakhale musaitsegule. Ikakhala pozizira imatha zaka ziwiri, mwina kupitirirako pang'ono. Munaisunga pati?"

"Pamwamba pa kabati, m'sutikesi yachitsulo."

"Pansi pa malata? Ndi kutentha kwa kwanuko?" Mayankho anapukusa mutu. "Yamitunduyi yapsa. Ina yauma, ina yaundana. Yakuda ina ikhoza kugwirako, koma muzisindikiza kanthu tsiku lililonse, ikangokhala iuma."

"Palibe chothira kuti isungunuke?"

"Ndikakunamizani, mudzaononga printa yomwe."

Naima anakhala pabenchi, printa ili pamiyendo. Anakumbukira munthu uja anafuna kugula inki yonse ikadali yabwino.

Mayi Rosemary atamva, nkhope inagwa. Masiku a ukwati anali atayandikira. Sanakalipe, anangotenga chithunzi chawo n'kunena kuti, "Mukanandiuza dzulo lomwe lija." Anakasindikiza kwina, ndipo nkhani inamveka pamsika kuti makina a kwa a Mustapha akutulutsa anthu obiriwira.

Kunyumba a Mustapha ankamudikira pakhonde tsiku lililonse. Akangomuona ankafunsa, "Inki?"

"Ili bwino, bambo a Asiya. Alhamdulillah," ankayankha choncho, maso ali pansi.

Zuleka anamulangiza kuti apitirize kubisa. "Alamu, achimwenewa chowasangalatsa chatsala n'chomwecho. Mukawauza muwapha."

Koma a Mustapha sanali mwana. Anaona kuti mkazi wawo sabweretsa zithunzi zodzawaonetsa ngati mmene analonjezera. Lachisanu lina, anthu atawanyamula pakabaza kupita nawo kumzikiti, pobwerera analoza msewu wa kushopu ndipo anakana kutsika pena paliponse. Naima anangoona wakabaza akuwalowetsa pakhomo. Makadi oonongeka aja anali m'katoni pakona, sanawataye chifukwa ankalembapo kuseri. A Mustapha anatola imodzi ndi dzanja lamanzere n'kuiyang'anitsitsa. Kenaka anayang'ana sutikesi.

"Yonse?" anafunsa movutikira.

"Yamitundu yonse. Yatsala yakuda pang'ono. Akuti ndi kutentha, komanso yakhalitsa."

A Mustapha anayesa kuyankhula, koma mawu anakana. Anadzimenya pachifuwa kawiri, misozi ikutsika. Naima anagwada n'kuwagwira dzanja.

"Simunalakwe. Munkadziwa kuti mudwala? Nanenso sindinkadziwa kuti inki imafa."

Masiku otsatirawo a Mustapha ankakana chakudya, phala akangolawa n'kutembenukira kukhoma. Pakhonde anasiya kutulukapo. Ashehe anabwera kudzacheza nawo kangapo, ndipo patapita milungu anayambanso kudya, koma za shopu sanafunsenso.

Naima amatsegulabe. Amasindikiza makalata ofunsira ntchito, zidziwitso za misonkhano ya asodzi ndi mapepala a ana asukulu, zonse zakuda. Ofuna zithunzi amawabweza pakhomo, ndipo ambiri sabweranso ngakhale ndi ntchito zina. Makatiriji akuda ena amagwira, ena akangotsegulidwa amapezeka ouma, ndipo sadziwa kuti otsalawo amufikitsa pati. Masiku opanda kasitomala amabwerera kunyanja masana kukatembenuza usipa.

Sabata yatha ankhoswe anabwera kuchokera kwa Maganga, ndipo nkhani ya Zuleka ndi mwamuna wake inatha bwino. Zuleka akuti mvula ikangoyamba abwerera kwawo kukadzala mpunga. Naima anamuyamikira, anamuthandiza ngakhale kuchapa zovala zake. Atafunsidwa ndi mnzake wometa tsitsi uja kuti nanga odwala azitsala ndi yani, anati akuganizabe.