Saulos ndi Batire la Apongozi

Amene anayendapo msewu wa ku Chiringa m'zaka zimene matipate anali atangoyamba sangaiwale pikapu ina yobiriwira, yosupuka penti, imene inkanunkha matemba ngakhale aitsuke ndi sopo. Mwini wake anali Saulos Mulepa, bambo wamtali, woonda, wofewa mtima mpaka kukwiyitsa. Inde kukwiyitsa, chifukwa mawu oti "ayi" munthu ameneyu ankangowamva kwa anzake. Pakamwa pake sankatulukapo.

Saulos anabadwira ku Mkhumba, koma kumeneko kunangotsala manda a amayi ake ndi mtengo umodzi wa mango umene msuweni wake anali atautenga kale. Unyamata wake anathera pa chiwongolero cha lole ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Ntchito itatha anagula pikapu ija n'kuyamba matola: m'mawa kutsikira ku nyanja ya Chilwa ndi amayi a geni, madzulo kubwerako ndi matemba, milamba yowamba ndi matumba a mpunga. Anakwatira Selestina n'kumanga nyumba kuchikamwini, kuseri kwa msika wa Chiringa, ndipo mwana wawo anamutcha Ufulu poti anabadwa chaka cha chisankho.

Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Saulos sankafuna kuterereka n'pang'ono pomwe. Mudziwo ankaukonda, ndipo mantha ake anali amodzi: kuti tsiku lina eni mudzi adzatopa naye, adzapeza sutikesi yake ili pakhonde, iye alibe kolowera. Palibe anamuopsezapo. Koma mumtima mwake anali atagamula yekha kuti chimene chinkamusunga pamudzipo ndi mabatire.

Nkhani ya mabatire inali chonchi. Magetsi kunalibe, koma masiku amenewo wailesi sinkazimitsidwa: misonkhano ya zipani, mauthenga a maliro, mpira. Timabatire ta m'sitolo tinkatha ngati mchere wa pamaliro, choncho amene akanatha ankagula batire lakale la galimoto. Likatha mphamvu, kukatchajitsa kunali kupalasa njinga mtunda wautali, asidi akudonthera pathalauza. Saulos anawapulumutsa ku zimenezo. M'mawa ankaliza galimoto ndi batire lake labwino, kenako injini ikulira choncho ankamasula mawaya, kuchotsa lakelo, n'kulowetsa lakutha la mnansi. Pobwera kunyanja madzulo linkakhala litadzaza. Njirayi sanaiyambitse ndi iye, madalaivala ambiri ankatero. Kungoti anzakewo ankachita mwa apo ndi apo, pamene Saulos ankachita tsiku lililonse limene Mulungu analenga, ndipo ankangolandira zikomo.

Pa onse otchajitsa, amene ankamunjenjemeretsa anali apongozi ake, a Lenia. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosuta ndudu ya chingambwe moto uli m'kamwa, ndipo ankakonda mpira wa pawailesi kuposa anyamata onse a pamsika. Timu yawo ikachinyidwa ankaitukwana m'Chilomwe mpaka agalu kuthawa pabwalo. Koma mwambo ankausunga. Chikwatirireni Saulos pamudzipo, a Lenia anali asanamuyang'anepo m'maso kapena kumulankhula mwachindunji. Akakumana panjira, wina ankalowa m'nandolo. Akakhala ndi uthenga ankaima chapatali, nkhope kumbali, n'kuuza nkhuku.

"Inu nkhuku, muwauze eni galimoto kuti batire lija latha. Loweruka kuli mpira."

Saulos ankagwada kuseri kwa galimoto n'kuyankha nkhuku zomwezo. "Muwauze amayi kuti ndamva."

Zinayenda choncho kwa zaka, mpaka chilimwe china pikapu inayamba misala. Nyali zake zinayamba kuwala modabwitsa. Saulos poyamba ananyadira, ati galimoto yabwerera kuunyamata. Kenako babu la kumanzere linapsa. Anagula lina, la kumanja n'kupsanso. Kawailesi ka m'galimoto kanatulutsa utsi n'kukhala chete. Madzi a m'batire ankauma msanga, ndipo poyenda munkamveka fungo la mazira owola, moti mayi wina wa geni anakangana ndi mnzake njira yonse, aliyense akuganizira dengu la mnzake.

Choipa chinachitika tsiku limene anatenga batire la Laston, mlamu wake wometa tsitsi pamsika. Madzulo potsegula boneti analipeza likutentha, likuwira m'kati, m'mbali mwake mutatupa ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa. Laston anali ndi pakamwa. Analinyamula n'kuzungulira nalo msika wonse.

"Taonani ntchito za akamwini! Batire langa labwinobwino andiphikira ngati kalongonda!"

Anthu anaseka, koma Saulos sanaseke. Anamva ngati sutikesi ija yayamba kale kuyenda yokha kulowera pakhonde.

M'mawa mwake anapita kwa Goliati, wokonza zamagetsi a galimoto pansi pa mtengo wa mkuyu ku boma. Amene anamutcha dzinali ayenera kuti anafulumira, chifukwa Goliati ankachita kukwera pa tayala kuti asuzumire mu injini. Anali wosathamanga pantchito. Ananunkhiza batire, n'kuligwira ndi kuseri kwa dzanja. Anakanda mitu yake mpaka kuyera, n'kumanganso waya wopita ku chitsulo cha galimoto, ati nthawi zina waya wakhwekhwe amanamizira zida zosalakwa. Atatero anatulutsa mita yake yokulungidwa m'kansalu n'kuilumikiza.

"Injini ili chizimire, singano ili pa thwelofu. Apa palibe mlandu. Lizani."

Saulos analiza. Singano inakwera.

"Ikafika pa fotini iyenera kuima, ngakhale muponde bwanji. Tapondani mafuta."

Saulos anaponda, ndipo singano inadutsa fotini osapereka n'moni womwe. Inafika pa sikisitini, n'kumalowera ku seventini.

"Basi, basi, zimitsani musanandiphere mita!" Goliati anatsika pa tayala paja. "Achimwene, otaneta yanu, chida chopanga magetsichi, ndi yamoyo. Yachita kunyanya moyo. Chimene chafa ndi choiletsa."

Anamasula kabokosi kakuda kamene kanali pambali pa injini n'kukatsegula. M'kati munali timapointi tiwiri toyenera kumagundana n'kumasiyana, koma tinali titapsa n'kumatirirana.

"Aka ndi kareguleta. Mwaonapo kumunda wa mpunga, munthu amatseka ngalande madzi akakwana? Ntchito yake ndi imeneyo. Apa ngalande yangotseguka, otaneta ikungothira. Mababu apsa, batire lawira, mawa mawaya agwira moto muli ndi anthu kumbuyo." Anaunguzanso pa mitu ya mawaya, imene inali yoperepeseka ndi sipanala. "Koma nanga apa mumamasulapo kangati? Pakuoneka ngati pachitseko cha sitolo."

Saulos anafotokoza zonse, monyadira pang'ono. Goliati anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Injini ikulira? Tsiku ndi tsiku? Ambuye! Mukachotsa batire injini ikulira, magetsi amasowa kolowera, amalumpha, woyamba kumenyedwa ndi kareguletaka. Kapirira ndithu, kakanakhala munthu bwenzi titakapatsa mendulo. Chifundo chinapha nkhwali, achimwene. Ndikuikirani kena, koma mukakayambiranso musadzabwere kuno. Posintha batire injini izikhala yozima."

"Nanga lakuthalo liliza bwanji injini?"

"Sililiza. Pokhapokha anthu akukankheni."

Goliati anaika kareguleta kena, ndipo singano inakwera n'kuima pa fotini ngati yauzidwa. Galimoto inachira, koma mwini wake anabwerera kumudzi akudwala. Akukankheni? Iye, mkamwini, akhale pampando manja pa chiwongolero, eni mudzi akutuluka thukuta kumbuyo kwake m'fumbi? Amayi aja amene ankawathawira m'nandolo? Bola kungosiya zonse. Anachotsa batire lake labwino n'kukapereka kwa Laston m'malo mwa lophikidwa lija, iye n'kubwereka lina kwa dalaivala mnzake. Ndipo m'mawa wotsatira, anthu atabwera ndi mabatire pa njinga, Saulos ananena mawu okana aja kwa nthawi yoyamba. Anawanena akuyang'ana zala za kumapazi.

"Pepani. Sinditchajanso."

Anthu anabwerera ndi mabatire awo. Mawailesi anayamba kuzima imodziimodzi, ndipo mudzi unakhala zii. Saulos ankanyamuka mofulumira, kubwera mozemba, ndipo aliyense amene wamupatsa moni mwachidule ankamuona ngati wagamula kale mlandu. Anasiya kudya bwino. Selestina, amene ankamudziwa mwamuna wake ngati chikhatho, anamupanikiza mpaka anaulula zonse, za kareguleta, za kukankha, ngakhale za sutikesi.

"Abambo a Ufulu, inu mutu wanu ukuyenda bwino?" anafunsa Selestina. "Ndiye mumati ine ndinakwatiwa ndi batire?"

Saulos anangoti mumtima: Mkazi angakukonde, koma mudzi si wa mkazi yekha. Selestina anangomanga chitenje n'kulowera kunyumba kwa amayi ake.

Lachisanu m'mawa, mawa lake kuli mpira waukulu, Saulos anatuluka ndi makiyi n'kupeza a Lenia ataima pafupi ndi pikapu, batire lawo lili pamutu pa nkhata. Anagwada kuseri kwa galimoto n'kuyamba kufunafuna nkhuku yoti imunenere zokanazo, koma nkhuku zonse zinali zitapita kudzala.

"Abambo a Ufulu."

Saulos anacheuka uku ndi uku.

"Ndikunena inu. Nditureni chinthuchi, chikundithyola khosi."

Anadzuka n'kuwatula. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi maso ngati a Ufulu.

"Injini ndi yozima, si choncho? Ikanimo."

"Amayi, silingalize galimoto. Pafunika kukankha."

"Ndamva kale zimenezo. Nanga manja awa ndinabadwa nawo kuti ndizikupizira ntchentche?"

"Sizingatheke, amayi. Ine ndine wobwera. Sindingakhale pampando inu mukukankha."

A Lenia anachotsa ndudu m'kamwa n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akubweza zaka zonse zimene sanamuyang'ane.

"Wobwera? Denga la nyumba yanga anafolera ndani? Amuna anga akudwala, anawanyamula kupita nawo kuchipatala ndani? Mwatisenza zaka zonsezi, lero ife tikukankheni pang'ono mpaka pa mtengo uwo ndiye yakhala nkhani? Tachita manyazi ndi ife, kumva kuti tinatsala pang'ono kukuotcherani galimoto ndi mpira wathu." Anatembenuka n'kukuwa, mawu aja otukwanira timu. "Laston! Iwe wa pakamwa iwe! Bwera kuno udzagwiritse ntchito mphamvu zimene umathera polalata!"

Laston anabwera akukanda m'mutu, ndipo pambuyo pake panabwera ena, poti mawu a a Lenia sankasankha khutu. Saulos anamanga batire lija, n'kulowa, n'kuika giya yachiwiri. Pagalasi anaona apongozi ake atatsamira chitseko cha kumbuyo, ndudu ili pakamwa, mapazi akukumba fumbi, Selestina ali pambali pawo akuseka. Galimoto inasuntha, n'kuyamba kuthamanga potsetsereka. Anasiya kilatchi. Injini inatsokomola kawiri n'kulira, anthu n'kukuwa ngati chigoli. Saulos anafuna kuwabayibitsa koma sanathe. Misozi inali itadzaza m'maso moti anatsala pang'ono kugunda mtengo uja.

Kuchokera tsiku limenelo lamulo linakhazikika lokha: mwini batire abwere ndi okankha. Kunkakhala phokoso m'mawa uliwonse kuseri kwa msika, kutukwanizana ndi kuseka, ndipo kareguleta ka Goliati kanakhala mpaka pikapuyo inakalamba n'kusanduka chogona nkhuku. Saulos anaphunzira kukana zinthu zina, ngakhale sanafike pokhoza kwenikweni.

A Lenia sanamulankhulenso mwachindunji. Mwambo ndi mwambo, anauswa kamodzi basi poti panafunika. Madzulo a Lachisanu lomwelo, Saulos atabwera kunyanja n'kutula batire lodzaza pakhonde pawo, mayiwo anatuluka n'kuima chapatali monga kale, nkhope kumbali.

"Inu nkhuku," anatero, "muwauze mwana wangayo kuti mawa asapite kunyanja. Abwere adzamvere nawo mpira, ndamuyalira mphasa."