Anafuna Kudziwa Dziko la Atate Anga

Anabwera kudzanditenga Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwera kale, ndili m'kalasi. Ndinkaphunzitsa masamu ana a giredi seveni, ndipo mayeso a boma anali atayandikira. Galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatsika amuna awiri, wina wovala yunifolomu, wina shati yoyera. Wa shati yoyerayo anagogoda pachitseko ngakhale chinali chotsekula.

"Ba ticha, tiyeni mukatiyankheko mafunso pang'ono chabe. Mubwera manje manje."

Ndinapempha kuti nditsirize kaye phunziro. Iye anati ana sathawa. Ndinaika choko pazenera, ndinauza ana kuti apitirize zomwe zinali pabolodi, ndi kutuluka. M'kalasi imeneyo sindinalowemonso.

Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ambiri akali moyo, ndipo ena akali ndi mphamvu.

Ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu. Amayi anga anali a mtundu wa Asoli. Atate anga anali mzungu, mmodzi wa aja ankagwira ntchito pa msewu waukulu wopita kum'mawa. Anachoka ndisanabadwe, ndipo sindinaonepo ngakhale chithunzi chawo. Anandisiyira khungu loyererako ndi tsitsi lofewa limene anzanga ankalikoka kusukulu. Ena ankanditcha mkaladi, ena kamzungu. Koma ndinakula ndi khasu m'manja ngati mwana wina aliyense, ndipo amalume ndiwo anandiphunzitsa mpaka ndinatsiriza kosi ya uphunzitsi.

Sukulu yomwe ndinkaphunzitsako inali ya makolo. Anaumba okha njerwa, anafolera okha. Dera lathu la Rufunsa litakhala boma lakelake tinasangalala kwambiri. Tinati tsopano maofesi ayandikira, mabuku ndi mabenchi adzafika. Zina zinafikadi. Koma panatulukanso anthu ofuna kuti chilichonse choimirira m'deralo chiziwagwadira.

Mmodzi wa iwo anali bambo wina wachipani amene tonse tinkamutcha ba tcheyamani. Analibe ofesi m'boma, koma akalowa penapake a m'maofesi ankaimirira. Anaitanitsa msonkhano wa makolo pasukulu, nati kukubwera munthu wamkulu, choncho makalasi atsekedwe, ana onse aziphunzira nyimbo ndi kuvina kuti akamulandire kumsewu. Ndinaimirira mwaulemu. Ndinati ana aang'ono angathe kuimba masana, koma a giredi seveni ayi, chifukwa akalephera mayeso ambiri a iwo sukulu yathera pomwepo, makamaka atsikana.

Anamwetulira, natembenukira kwa makolo.

"Mwamva? Azungu tinawathamangitsa kalekale, koma kuno akutilamulirabe. Mwana wa mzungu ndiye azitiuza nthawi yoti ana athu aimbe ndi nthawi yoti akhale chete."

Anyamata ake anaseka. Makolo, anthu amene anandiona ndikukwawa, anayang'ana pansi. Ine sindinatseke kalasi, ndipo sabata yotsatira galimoto ija inafika.

Ananditengera kupolisi, m'kachipinda kokhala ndi tebulo ndi mipando iwiri. Mpando wachiwiri sunali wanga. Wa shati yoyera uja anapempha reji yanga, chitupa chosonyeza kuti ndine nzika. Anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, naiika m'thumba mwake.

"Iyi munagula kuti?"

"Ndinapatsidwa ndi boma, bwana."

"Atate anu ndani?"

"Sindiwadziwa."

"Dziko lawo ndi liti?"

"Sindilidziwa, bwana."

"Iwe, munthu wophunzira, ticha wathunthu, sudziwa dziko la atate ako?"

Kuyambira pamenepo anasiya kunditcha "inu". Anati pali anthu amene adandaula kuti ndine mlendo wolowa m'dziko mobisa, kuti ndimalandira malangizo kuchokera kunja, ndi kuti ndimaphunzitsa ana kunyoza atsogoleri. Ndinafunsa kuti anthuwo ndani. Anati ofunsa ndi iye.

Anandiuza kuti ndilankhule Chisoli, ngati ndinedi wa kuno. Ndinalankhula. Ndinatchula mudzi wathu, agogo anga ndi kumene anaikidwa. Iye mwini Chisoli sankachimva, anali wochokera kutali. Anaitana wapolisi wina wa kwathu konkuno kuti amvetsere. Uyo anati, "Bwana, akulankhula bwino, kuposa ine." Wa shati yoyera anati, "Ndiye kuti anamuphunzitsa bwino omutuma."

Apo ndinazindikira kuti panalibe yankho lotsekula chitseko chija.

Chipinda cha akazi chinali chaching'ono, chokhala ndi kabowo kamodzi pamwamba pa khoma. Kutentha kwa Okutobala kunkatsika m'malata ngati moto. Pakona panali ndowa. Ndinapezamo amayi awiri, wina womangidwa chifukwa chophika kachasu, wina chifukwa cha ndewu ya kumsika. Atandiona, wa kachasu anafunsa, "Nanga ba madamu, azungu nawonso amalowa muno?" Ndinamuyankha m'Chisoli. Anasuntha kundipatsa mbali ya chitenje chake kuti ndikhalepo.

Mafunso ankabwerezedwa m'mawa uliwonse, omwewo. Tsiku lina anabweretsa chidutswa cha paipi ya madzi, nandiuza kuti ndivule nsapato. Zimene zinachitika sindilemba zambiri. Pobwerera m'chipinda ndinakwawa, ndipo amayi a kachasu aja anang'amba chitenje chawo, nachinyowetsa ndi madzi athu akumwa. Mlonda wa pakhomo anasuzumira nati, "Khungu la azungu silichedwa kuonetsa. Tikanamenya munthu weniweni sipakanaoneka kanthu."

Mawu amenewo ndimawakumbukira kuposa ululu wake.

Ndinkaganiza za ana anga a m'kalasi. Pasukulu tinali aphunzitsi awiri okha, ndipo mnzangayo anali ndi makalasi onse aang'ono. Ndinapempha mlonda wamkazi kuti andithandize kutumiza uthenga, kuti ana abwereze masamu a magawo chifukwa ndi pamene ankavutika. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mayi, iwe ganizira za moyo wako. Akuti akutumiza kwanu."

"Kwathu kuti?"

"Adziwa ndi iwo. Adzakupezera dziko."

Mantha enieni anandigwira tsiku limenelo. Paipi ndinkadziwa kuti ili ndi polekezera. Koma kunyamulidwa, kukasiyidwa kumalire kapena m'dziko limene sindidziwa ngakhale moni wake, amayi anga okalamba atatsala okha, zimenezo zinalibe polekezera. Ndinasiya kudya. Ndinkangokhala motsamira khoma, kutchula m'mtima mayina a midzi ya kwathu, ngati kuti wina akufuna kundilanda nawonso.

Lachisanu lina ananditulutsa ndi kundilowetsa m'kachipinda ka mafunso. Pampando wachiwiri panali amayi anga. Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo fumbi la m'njira linali mpaka m'mawondo. M'chipindamo munali amuna anayi.

"Amama," anatero wa shati yoyera, "uyu ndi mwana wanu?"

"Ndi wanga. Ndinamubala ine."

"Tiuzeni mmene munamupezera. Zonse. Mzunguyo munakumana naye kuti? Anakupatsani chiyani?"

Amayi anga anali asanandiuzepo nkhani imeneyo, ndipo ine ndinali ndisanafunsepo. Kwathu mwana safunsa zotero. Ndinati, "Bwana, chonde, nditulutseni ine kaye." Anakana. Anati ndimve, mwina ndingakumbukire kwathu.

Amayi anaika manja pamiyendo, nayang'ana khoma. Analankhula ndi mawu otsika, osanjenjemera. Anati anali mtsikana wogulitsa nthochi kumsasa wa anthu a msewu. Anati sanapatsidwe chilichonse, ndipo sanafunsidwe. Anati dzina la munthuyo sanalidziwe chifukwa sanawauze. Wofunsayo anafuna kudziwa zambiri, malo ake ndi mmene zinachitikira, ndipo amayi anayankha funso lililonse, poganiza kuti akayankha zonse andimasula. Mmodzi wa amuna aja anaseka. Wapolisi wa kwathu uja anatuluka panja.

Atatha, wofunsayo anati umboni wa mayi suwerengedwa, chifukwa mayi aliyense amaikira kumbuyo mwana wake. Anawauza kuti apite. Potuluka amayi sanandiyang'ane. Anangoika pansi kathumba ka mbatata zootcha pafupi ndi mapazi anga, naona mmene mapaziwo analili, ndi kupita.

Sabata yotsatira anandisamutsira kundende ya m'tauni, kukadikira mlandu umene sunafike kukhoti. Kumeneko kunalibe wondimenya. Kunali nsabwe, mzere wa chakudya, ndi kudikira. Akaidi anzanga ankandipempha kuti ndiziwawerengera Baibulo, ena kuti ndiwaphunzitse kulemba mayina awo ndi chala pansi. Ndinkachita, koma mtima unali utauma. Mvula yoyamba itagwa padenga la ndende ndinadziwa kuti mayeso apita. Ndinalira tsiku limenelo, koyamba chilowereni.

Anandimasula mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Mlonda wamkazi anaitana dzina langa, nanditengera kwa mkulu wina amene ndinali ndisanamuonepo. Anatulutsa reji yanga m'dirowa, naikankhira kwa ine.

"Tafufuza. Ndinu wa kuno. Panali kusamvetsetsana pang'ono."

Ndinafunsa za mlandu wanga. Anati palibe mlandu, sipanakhalepo mlandu. Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Koma ba ticha, ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Za sukulu zisiyeni. Limani. Mukabweranso kuno sindidzakhalapo ine."

Ndinamva pambuyo pake kuti amalume ndi abusa a mpingo wathu anayenda m'maofesi ambiri chifukwa cha ine. Ndinamvanso kuti munthu wamkulu uja sanaime n'komwe pa Chinyunyu. Ana anaima padzuwa kuyambira m'mawa, akuimba, ndipo magalimoto anangodutsa.

Mwa ana anga a giredi seveni anakhoza ochepa kwambiri. Mtsikana amene ankatsogola m'kalasi ndinamupeza atakwatiwa ku Shikabeta. Pasukulu anali ataikapo mphwake wa ba tcheyamani kuti aziphunzitsa m'malo mwanga. Makolo ena anabwera kudzandiona, atanyamula nkhuku kapena maungu, koma za msonkhano uja palibe anatchula, ndipo inenso sindinatchule.

Ine ndi amayi tinakhala nyumba imodzi mpaka pamene anamwalira. Tinkalima limodzi, kupemphera limodzi, kukamba za mvula ndi za mbuzi. Za Lachisanu lija sitinakambepo. Ndinkati ndikalowa m'khitchini iwo ankapeza chochita panja. Ndinkafuna kuwauza kuti palibe chimene analakwa, koma nthawi inandithera ndisanawauze.

Anthu amati ndinapeza ufulu, ndipo ndi zoona. Ndimagona m'nyumba yanga, ndimatsekula chitseko changa ndekha, ndimapita kumsika wa ku Rufunsa osapempha chilolezo kwa munthu. Zimenezi si zazing'ono, amene anakhalapo m'kati amadziwa. Koma kale ndinkaganiza kuti kukhala wa kuno ndi chinthu chobadwa nacho, ngati mafupa. Tsopano ndikudziwa kuti kwa munthu wa khungu ngati langa ndi chinthu chobwereka, chimene wamphamvu angathe kuchiitanitsa tsiku limene ndamukwiyitsa. Wondimasula uja sananditsekere pakamwa. Ndimadzitsekera ndekha, ndipo ndimachita bwino kuposa mlonda aliyense.

Chilimwe chathachi kunabwera mayi wina wa m'mudzi woyandikana nawo, atagwira padzanja kamtsikana ka zaka ngati khumi. Ndinali kusenda chinangwa pakhonde. Anagwada, tinapatsana moni, kenako anati mwanayo ali giredi folo koma satha kuwerenga ngakhale dzina lake.

"Ba ticha, sitifuna zambiri. Muzingomuonetsako pang'ono kuseri kwa nyumba kuno. Palibe amene adzadziwa."

Kamtsikanako kanali kundiyang'ana, kosaphethira. Manja anga anafuna choko. Ndinadziwa kale pamene ndikanayambira naye, ndi kuti mvula isanagwe akanakhala akuwerenga. Koma mapazi anga anayamba kutentha pamene ndinapondapo, ngati tsiku la paipi lija.

"Pepani amake mwana," ndinatero. "Ine ndinasiya."

Mayiyo anati, "Tamva, ba ticha." Anaimirira, nakonza chitenje chake, nagwira mwanayo padzanja. Ndinawayang'ana mpaka anakhota kuseri kwa munda, ndipo sindinawaitane.